Masekondi Anayi a Cleophus

Dzulo pa mphambano ya West Third, kuno ku Dayton,
nditaima ndi ndodo yanga kudikira nyali yowolokera,
galimoto ya mnyamata wina inaima pambali panga,
magalasi akunjenjemera ngati agwidwa malungo.
Mawondo anga anaizindikira ng'omayo makutu asanaimvetse.
Dzanja la Cleophus, mlongo wanga,
lija lochedwa pang'ono, mwadala,
ngati munthu wotsika masitepe atanyamula mwana wogona.

Masekondi anayi okha,
odulidwa, obwerezedwa, obwerezedwanso,
pamwamba pake mwana wa eni akulakatula za ndalama.

Anayamba ali asanu ndi awiri m'chipinda chapansi cha amayi,
pakati pa makina ochapira ndi thanki ya madzi otentha.
Masana ankamanga zitseko za mafiriji ku fakitale,
usiku ankagwedeza mbale m'kabati mwathu.
Lavelle wa besi, chala chachikulu chitamera chikanga.
Purvis pa limba lobwereka.
Rozelle, Thaddeus ndi Booker wamfupi,
malipenga atatu okangana ngati apongozi, ogwirizana pomaliza.
Ndi Odessa, amene anamuchotsa m'kwaya
chifukwa chiuno chake chinkavomera Ameni pakamwa pasanatseguke.

Ine ndinali telala wawo.
Mathalauza otambalala kumiyendo ngati belu,
majekete onyezimira, mkanda uliwonse ndi dzanja langali.
Singano inandibaya mpaka ndinasiya kuwerenga.
Akabwerako ku Memphis, ku Detroit, ku Oakland,
ankanditulira zovala zouma gwa ndi mchere wa thukuta,
ndipo ndinkadziwa usiku umene unakoma
poona pamene pang'ambika.

Mbale yachitatu ndiyo inayaka moto.
Inalira m'malo ometera, m'maukwati, m'ndende.
Azungu omwe anawakaniza chipinda chogona
anaivina m'makhitchini mwawo makatani atatseka.
Koma pepala lija anasaina m'lesitilanti, ali ndi njala,
bambo wa tayi yofiira akuwathirira khofi,
linali ndi mano m'timizere tapansi.
Anapereka chala, mkono wonse unapita.

Amati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.
Kunabwera kabokosi ka magetsi
kosadya, kosadwala, kosafunsa za malipiro,
kosachedwa ngakhale pang'ono.
Fakitale inatsekedwa. Malipenga anakagona kwa apinyolo.
Lavelle anayendetsa basi ya ana asukulu zaka makumi awiri,
chala chija chikumenyabe chiwongolero.
Odessa anabwerera kukwaya; ulendo uno anamusiya avine.
Purvis sitidziwa. Khadi lake lomaliza linachokera ku Tulsa.

Cleophus anapita chipale chili ngwee pawindo la chipatala,
zala zikugogoda chitsulo cha bedi,
anesi akuyesa kuti akuitana.
Sankaitana. Ankawerenga: imodzi, imodzi,
nthawi zonse kubwerera pa imodzi.
Cheke chake chomaliza sichinakwane n'komwe maluwa.

Ndiye dzulo ndinagogoda galasi la galimotoyo ndi ndodo.
Mnyamata anatsitsa mawu msangamsanga,
nkhope ikupepesa kale: pepani, mayi.
Ndinati ayi, kweza.
Anandiyang'ana ngati ndasokonekera.
Ndinati kweza, mwanawe, ameneyo ndi mlongo wanga,
ankavala nsapato yaikulu kuphazi lamanja
chifukwa linkatupa akamaliza kuimba.

Anafunsa dzina. Ndinamuuza.
Analitchula kawiri, kachiwiriko molondola.
Kumbuyo ena anayamba kuliza mahutala,
iye anakweza, nanyamuka,
mutu ukugwedezeka mochedwa pang'ono
monga mmene Cleophus anafunira.

Nyali yanga inayaka, n'kuzima, ndisanawoloke.
Kunyumba, m'sutikesi ya pansi pa bedi,
muli jekete limodzi long'ambika kukhwapa.
Zaka zonsezi sindinalisoke.
Usiku umenewo uyenera kuti unakoma zedi.